Zilembo n'zofanana, nanga bwanji Mtchaina sakumva Chijapani?

Kachere_25
Moni nonse pagulu pano. Galimoto yomwe ndinaitanitsa ku Japan inabwera ndi timapepala tambiri m'kabokosi kakutsogolo, ndipo pagalasi pali sitika yolembedwa 無料点検. Kuntchito kwathu kuli injiniya wochokera ku China, bambo wachikulire wodekha bwino, ndiye ndinawapempha kuti andiwerengere. Anayang'anitsitsa n'kunena kuti zilembo ziwiri zoyambazo zikuti "palibe zipangizo", koma iwo eni anavomereza kuti sizikumveka. Mwana wanga atajambula sitikayo ndi foni, foni inati "kuyeza galimoto kwaulere". Zimenezi zikutheka bwanji? Munthu chilembo chilichonse akuchidziwa, akuchitchula bwinobwino, koma uthenga osaumva. Kodi Chijapani ndi Chitchaina si chiyankhulo chimodzi? Amene munakhalako kumeneko tithandizeni.

Tsabola
N'chimodzi basi. Ajapani anatenga zonse ku China kalekale, kungoti amatchula mosiyana. Mwina bambo anuwo maso ayamba kuvuta.

WakuKobe
A Tsabola, pamenepo ayi. Zoti Ajapani anatenga zilembo ku China n'zoona, koma chiyankhulo sanachitenge kumeneko. Ankayankhula kale Chijapani zilembozo zisanafike, kungoti analibe njira yolembera. Zilembo zinalowa cha m'zaka za m'ma 400, makamaka kudzera ku Korea, kenako mabuku a chipembedzo cha Chibuda anazifalitsa kwambiri. Ziyankhulo ziwirizi si zapachibale n'komwe. Mtchaina akafuna kunena kuti akudya mpunga amasanja mawu monga ife: ine, kudya, mpunga. Mjapani amati ine, mpunga, kudya, mneni kumapeto. Mneni wa Chitchaina sasintha, kaya nkhani ndi yadzulo kaya yamawa, pomwe wa Chijapani amasinthasintha kumchira. N'chifukwa chake cha m'zaka za m'ma 800 Ajapani anachita kupanga zilembo zina zawozawo, hiragana ndi katakana, ndipo lero michira imeneyi amailemba ndi hiragana. Mukayang'ana timapepala tanuto, a Kachere, muona zilembo zovuta zitasakanikirana ndi tina topepuka tokhotakhota. Timeneto injiniya wanuyo sangatiwerenge pokhapokha ngati anaphunzira Chijapani.

Tsopano za 無料. Ajapani amati muryō, kutanthauza chaulere, chifukwa kwa iwo chilembo chachiwiricho chimaimira malipiro. Kwa Mtchaina chimamukumbutsa zipangizo, ndipo chaulere iye amati mianfei, zilembo zake n'zina. Bamboyo ndi foniyo onse anawerenga bwino, aliyense m'chiyankhulo chake.

Tsabola
Koma ndinamva kuti zilembo zimenezi ndi zithunzi. Chithunzi cha phiri ndi phiri kulikonse. Tanthauzo lingasinthe bwanji chifukwa chowoloka nyanja?

Namasina_Wuhan
Pa phiri mwanena zoona achimwene, 山 ndi phiri kumbali zonse ziwiri, ngakhale kuno ku China amati shan pomwe ku Japan amati yama. Madzi, moto, munthu, mwezi, zonsezi zimagwirizana. Vuto limayamba zilembo zikaphatikizana. Chitsanzo chomwe aphunzitsi athu amayamba nacho ndi 手紙. Chilembo choyamba ndi dzanja, chachiwiri ndi pepala. Mjapani amawerenga tegami, ndiyo kalata yolembera mnzako. Mtchaina amawerenga shouzhi, ndilo pepala la kuchimbudzi. Onse akuona dzanja ndi pepala, koma aliyense maganizo ake apita kwina.

China ndi 汽車. Kuno qiche ndi galimoto, ngati yanu a Kachere. Ku Japan kisha ndi sitima yapamtunda yoyendera nthunzi, ya mtundu wa ija inayamba kuyenda pakati pa Shimbashi ndi Yokohama mu 1872. Sitima kuno amati huoche, galeta la moto. Ndiye palinso 娘, ichi chimandikhudza kwambiri: ku Japan musume ndi mwana wamkazi, kuno niang ndi mayi wokubala. Chilembo chimodzi chomwecho, m'badwo wasinthana.

Chigumu
Mayi ndi mwana chilembo chimodzi? Ndiye kalata yamaliro ingasokoneze mudzi wonse.

Mphunzitsi77
Zitsanzo tamva, koma ine ndikufuna chifukwa chake. Zinthu sizimangosiyana zokha. Ndani anasintha, wobwereka kapena mwiniwake?

WakuKobe
Funso labwino aphunzitsi, ndipo yankho ndi lakuti onse. Anthu ambiri amaganiza kuti wobwereka ndiye amapotoza, koma kawirikawiri Ajapani ndi amene anasunga tanthauzo lakale, eni ake n'kusuntha. Tengani 走. M'mabuku akale a Chitchaina chilembo chimenechi ndi kuthamanga, ndipo Mjapani mpaka lero akati hashiru akunena kuthamanga. Koma Mtchaina wa lero akati zou akunena kuyenda wamba. Chimodzimodzi 湯. Kale anali madzi otentha, ndipo ku Japan yu akadali madzi otentha. Pa nyumba zosambirako anthu ambiri, makomo amalembedwa 男湯 ndi 女湯, kwa amuna ndi kwa akazi. Ku China tang lero ndi msuzi, choncho mlendo wochokera ku Beijing akaima pakhomopo amawerenga "msuzi wa amuna" ndi "msuzi wa akazi".

Kwina ndi Ajapani amene anasuntha. 大丈夫 m'Chitchaina ndi mwamuna weniweni, wolimba mtima, wosagwedezeka. Ajapani anayamba ndi tanthauzo lomwelo, kenako linasanduka "cholimba", kenako "palibe vuto". Lero daijōbu ndi mawu omwe ndimawamva tsiku lililonse. Mwana akagwa, mayi ake amafunsa daijōbu? Ukapatsidwa chinthu chomwe sukuchifuna, umakana mwaulemu ndi mawu omwewo. Amene amandisangalatsa kwambiri ndi 勉強. Kwa Mtchaina mianqiang ndi kuchita chinthu monyinyirika, mokakamizika. Kwa Mjapani benkyō ndi kuphunzira. Ndipo tanthauzo lakale silinafe lonse: wamalonda, makamaka cha ku Osaka kuno, akati benkyō shimasu sakunena za sukulu ayi, akunena kuti adzipanikiza n'kukutsitsirako mtengo.

Njira ina ndi yomwe inabala tegami ija. Ajapani anali ndi mawu awo kale, te dzanja, kami pepala, n'kungowaveka zilembo za Chitchaina osafunsa kuti eni ake amaziphatikiza motani. 切手 ndi chimodzimodzi. Kitte ndi sitampa yapakalata, dzina lomwe linakhazikika positi ya dziko itayamba mu 1871. Mtchaina pamenepo amaona "kudula dzanja".

Mai_a_Tadala
Zikomo a WakuKobe, mwafotokoza momveka. Ine mchemwali wanga akugwira ntchito ndi Ajapani ongodzipereka aja a JICA kusukulu ina, ndipo anandiuza kuti pali mawu onena za mkazi wapanyumba omwe ndi oopsa. Ndi ati?

Namasina_Wuhan
Ayenera kuti ankanena 愛人, amayi. Kuno ku China, makamaka kwa anthu achikulire, airen ndi mkazi wako kapena mwamuna wako wapaukwati. Ndi mawu aulemu, munthu amatha kuimirira paphwando la kuntchito n'kunena kuti awa ndi airen anga. Ku Japan aijin ndi chibwenzi chamseri cha munthu wapabanja. Ndipo apa katchulidwe kakuyandikana ndithu, airen ndi aijin, moti munthu amakhulupirira kuti wapeza mawu ofanana. Palinso 老婆. Kuno laopo ndi mmene mwamuna amaitanira mkazi wake mwachikondi, ngakhale angokwatirana kumene. Mjapani akaona zilembo zomwezo amati rōba, nkhalamba yaikazi. Mwamuna naye sanapulumuke: 丈夫 kuno zhangfu ndi mwamuna wapanyumba, uko jōbu ndi chinthu cholimba, monga nsapato kapena mpando wosathyoka msanga.

MadalaWaTaipei
Mwana wanga Namasina, mukati "kuno ku China" musaiwale kuti Chitchaina sichiyankhulidwa malo amodzi. Ine ndinaphunzira ku Taiwan nthawi ija dziko lathu lisanasinthe ubale kupita ku Beijing kumapeto kwa 2007. Kumeneko simungatchule mkazi wanu kuti airen pagulu. Amati taitai, ndipo airen amamveka ngati wachikondi chabe, osati wapaukwati. Kugwiritsa ntchito airen ponena za mkazi kapena mwamuna wapanyumba kunafala kumtunda, ku China yolamulidwa ndi Beijing, m'nthawi ya chikomyunizimu.

Komanso za msuzi zija, a WakuKobe, ku Taiwan n'zosiyana pang'ono. Chilumbachi chinalamulidwa ndi Japan kuyambira 1895 mpaka 1945, ndipo mawu ambiri anatsala. Anthu akamapita kukasamba ku akasupe otentha a ku Beitou amati pao tang, kudziviika mu 湯, ndipo palibe amene amaganiza za msuzi. Zilembo nazo ku Taiwan ndi ku Hong Kong akulembabe zakale zija zamizere yambiri. Kumtunda anazipeputsa kuyambira 1956, Japan inapeputsa zake mwanjira yake kuyambira 1946. Chilembo cha mpweya ife tinkalemba 氣, Mjapani amalemba 気, inu ku Wuhan mukulemba 气.

Namasina_Wuhan
Ndamva madala, ndipo za Beitou ndi zachilendo kwa ine. Koma pa airen ndikuimabe pomwepo: aphunzitsi anga achikulire amawagwiritsabe ntchito. Achinyamata okha ndi amene akonda laopo ndi laogong. Mlendo wopita ku Beijing kapena Wuhan adzawamva ndithu.

DalaivalaWaDar
Pepani ndipatuke pang'ono poti tili ndi akatswiri. Ine ntchito yanga ndi kukatenga magalimoto padoko la Dar es Salaam kubwera nawo kudzera ku Songwe. Pafupifupi iliyonse ukangoliza injini, mayi wina amayankhula Chijapani. Makasitomala ena amaopa, amati mwina akunena kuti injini yawonongeka. Kodi amati chiyani? Komanso wailesi zake zimathera pa 90, masiteshoni athu ambiri osagwira mpaka uike kachipangizo kowonjezera. Chachitatu, pamapepala chaka chimalembedwa 22 kapena 25 m'malo mwa 2010. Ndakhala ndikungoyerekeza.

WakuKobe
Mayiyo nthawi zambiri amachokera m'kabokosi ka ETC, kolipirira misewu ikuluikulu ya kuno popanda kuima pageti. Amangonena kuti khadi silinalowetsedwe. Nthawi zina ndi chipangizo cha mapu chikupereka moni ndi kutchula tsiku. Injini ilibe mlandu. Wailesi n'chifukwa choti FM ya ku Japan kwa zaka zambiri inali kuyambira 76 kufika 90.

Za chaka, samalani chifukwa apa pali ndalama. Ajapani amawerenganso zaka potsata ufumu. Mukaona 平成 kapena chilembo H, imeneyo ndi nyengo ya Heisei, kuyambira 1989 mpaka 2019. Onjezani 1988 pa nambalayo: H22 ndi 2010, H25 ndi 2013. Mukaona 令和 kapena R, ndi Reiwa, yomwe inayamba pa 1 May 2019, onjezani 2018.

MadalaWaTaipei
Ku Taiwan nakonso ali ndi kawerengedwe kawo, amayambira 1912. Chaka cha 100 pa katundu wawo ndi 2011. Mukaona paketi yolembedwa 113, ndi 2024.

DalaivalaWaDar
Mwandithandiza akuluakulu. Mawa lomwe ndikauza anzanga pa Songwe za mayi ujayu.

Nankungwi
Tabwererani ku nkhani, magalimoto ali ndi gulu lawo. Zonse mwanenazi ndi za zolemba. Nanga pakamwa? Alipo mawu omveka mofanana m'khutu koma osiyana tanthauzo?

Geni_Guangzhou
Alipo amayi, ndipo oopsa kwambiri ali pa manambala. Ine ndimakaoda katundu ku Guangzhou ku China, ndipo mlamu wanga amakhala ku Nagoya ku Japan, ndiye timayerekeza. Zitatu onse amati san, apo palibe vuto. Koma shi kwa Mjapani ndi zinayi, pomwe shi wokweza mawu kumapeto kwa Mtchaina ndi khumi. Ni kwa Mjapani ndi ziwiri, kwa Mtchaina ni ndi "iwe". Go wa Mjapani ndi zisanu, gou wa Mtchaina ndi galu. Yu uja a WakuKobe amati madzi otentha, khutu la Mtchaina limamva ngati nsomba. Chomwe amagwirizana n'chakuti zinayi zimamveka ngati imfa m'ziyankhulo zonse ziwiri, moti nyumba zina zosanja zimadumpha nambala 4, ndipo Ajapani nthawi zambiri amakonda kunena yon m'malo mwa shi.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti Chikantoni, chomwe eni Guangzhou amayankhula kunyumba, chimayandikira Chijapani kuposa mmene Chimandarini, Chitchaina cha boma chomwe takhala tikutchulachi, chimachitira. Zisanu ndi chimodzi: Mjapani roku, Mkantoni luk, wa ku Beijing liu. Dziko: koku, gwok, guo. Kuphunzira: gaku, hok, xue. Ndinafunsa mnyamata wina wophunzira yemwe amatithandiza kumasulira, anati kale mawu amenewa ankathera ndi k, ndipo Chimandarini chinataya k ameneyo, Chikantoni chinasunga, Ajapani anasunganso n'kuwonjezera u chifukwa mawu awo sathera pa k. Ngakhale "inde", Mkantoni amati hai ngati Mjapani, koma wa Chimandarini akamva hai amaganiza za nyanja kapena "akadali".

WakuKobe
Mnyamatayo anakuuzani zoona. Ajapani anabwereka katchulidwe maulendo angapo. Gawo lalikulu linabwera ndi nthumwi ndi amonke omwe ankatumizidwa ku Chang'an, likulu la ufumu wa Tang ku China, pakati pa 630 ndi 894. Ndiye Chitchaina chomwe chili m'kamwa mwa Mjapani ndi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo. N'chifukwa chake chilembo chimodzi ku Japan chimatha kukhala ndi matchulidwe atatu kapena anayi, ena obwereka nthawi zosiyana, ena a Chijapani chenicheni.

Mphunzitsi77
Za kukweza mawu a Geni atchulazi ife sizitivuta kumva. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana koma khutu limasiyanitsa. Chimandarini chili ndi makwezedwe anayi: mā ndi mayi, má ndi chomera cha ulusi, mǎ ndi kavalo, mà ndi kukalipira. Chijapani chili ndi zake pang'ono, hashi mlatho ndi hashi timitengo todyera.

MwanaWaHarare
Sitikusowa kupita kutali. Kuno Mshona akakuuza kuti unogona akukuyamikira kuti umatha, ndiwe katswiri. Wobwera kumene kuchokera kumudzi amamva ngati akunenedwa kuti ndi waulesi wokonda tulo. Ndipo ife ndi Ashona ndi apachibale, pomwe awa a WakuKobe akuti si apachibale n'komwe.

Tsabola
Chabwino, ziyankhulo n'ziwiri. Koma mfundo yanga ikadalipo: Japan inangolandira. Zilembo za eni, mawu a eni, ngakhale tiyi wa eni. Anabwezako chiyani?

WakuKobe
Anabweza zambiri, a Tsabola, ndipo iyi ndi mbali yomwe anthu saidziwa. Mu nthawi ya Meiji, kuyambira 1868 mpaka 1912, Japan inathamangira kumasulira mabuku a ku Ulaya a sayansi, malamulo ndi ndale. Mawu ambiri kunalibe, ndiye akatswiri awo anawapanga pophatikiza zilembo za Chitchaina, ena n'kuwafukula m'mabuku akale n'kuwapatsa ntchito yatsopano. Nishi Amane ndi amene anapanga 哲学, tetsugaku, dzina la maphunziro a nzeru zakuya. Ena telefoni anaitcha 電話, denwa, kuyankhula kwa magetsi. Chuma cha dziko 経済, keizai. Chitaganya cha anthu 社会, shakai. China itagonja pankhondo ya 1894 mpaka 1895, ophunzira ake masauzande anapita ku Tokyo, ndipo pobwerera anatenga mawu amenewa. Lero Mtchaina amati zhexue, dianhua, jingji, shehui, ndipo ambiri saganizako kuti anadutsira ku Japan.

Mawu a gulu limeneli ndi amene amagwirizana bwino kwambiri, tanthauzo limodzi mbali zonse. N'chifukwa chake Mtchaina akatenga nyuzipepala ya ku Japan amatha kutolako mutu wa nkhani ya ndale kapena ya chuma, koma kalata ya agogo yonena za kumunda imamugonjetsa. Ndipo ngakhale nyuzipepalayo ili ndi msampha wake: 新聞 shinbun ndi pepala lenilenilo, pomwe xinwen kwa Mtchaina ndi nkhani zimene zachitika, kaya zamveka pawailesi kaya pafoni.

Kale anthu ophunzira a mayiko awiriwa ankacheza polemberana papepala atakhala pamodzi, pakamwa osamvana. Sun Yat-sen, mtsogoleri wa ndale wa ku China, ankachita zimenezi ndi mnzake wa ku Japan, Miyazaki Tōten. Zinkatheka chifukwa onse anaphunzira Chitchaina chakale cha m'mabuku, osati chifukwa ziyankhulo zawo zinali chimodzi.

Chigumu
Poti tiyi watchulidwa, kwathu ku Mulanje tikawoloka ku Milange amati chá. N'chimodzimodzi ndi cha wa Atchaina?

Geni_Guangzhou
Eya. Apwitikizi anatenga cha, ndipo Ajapani nawo amati cha kapena ocha. Tiyi wathuyu anadzera kwa Angerezi, amene mawu awo gwero lake ndi te wa anthu a m'mphepete mwa nyanja ku Fujian, chigawo cha China. Chilembo n'chimodzi, 茶. Koma pa zakudya zina samalani. 饅頭 ku China mantou ndi banzi yophika ndi nthunzi yopanda kanthu m'kati, ku Japan manjū ndi kotsekemera koika nyemba zashuga m'kati. 人参 ku Japan ndi karoti wamba, ku China ndi muzu wamankhwala wodula uja wotchedwa renshen.

Namasina_Wuhan
Ndiwonjezere za maina, poti a Dalaivala alipo. Atchaina amawerenga maina a Chijapani m'katchulidwe kawo. Mukanena Toyota kwa munthu wamba kuno akhoza kukuyang'anani, iye amati Fengtian. Honda ndi Bentian, Nissan ndi Richan, Suzuki ndi Lingmu, mzinda wa Tokyo ndi Dongjing. Ajapani nawo amabwezera: Mao Zedong amamutchula Mō Takutō, Xi Jinping ndi Shū Kinpei. Anthu awiri akhoza kukambirana za munthu mmodzi osadziwa, mpaka wina atalemba dzinalo.

Mai_a_Tadala
Ndiye ndifunse ngati kholo. Tadala akufuna kuyamba Chitchaina ku Confucius Institute, koma maloto ake ndi kukaphunzira ku Japan. Chitchainacho chidzamuthandiza kapena chidzamusokoneza?

Namasina_Wuhan
Chidzamuthandiza kwambiri, amayi, asazengereze. Boma la Japan lili ndi mndandanda wa zilembo 2,136 zomwe munthu womaliza sukulu ayenera kuzidziwa. Wodziwa Chitchaina amakhala atadziwa kale zambiri mwa zimenezo, dzanja linazolowera dongosolo la mizere, maso anazolowera kusiyanitsa tizigawo. Anzanga a kuno amene amaphunzira Chijapani amathamanga kwambiri pa kuwerenga. Mawu osokoneza tikukambiranawa ndi ochepa poyerekeza ndi ogwirizana. Timawatchula kwambiri chifukwa ndi ochititsa chidwi.

WakuKobe
Apa ndisiyana nanu pang'ono, achemwali. N'zoona kuti amathamanga pa kuwerenga, ndawaona m'kalasi. Koma ndaonanso kuti ambiri amatsalira pa kumva ndi kuyankhula, chifukwa diso likangoona chilembo mutu umatchula m'Chitchaina n'kudutsa, katchulidwe ka Chijapani osakaphunzira. Ndipo mawu osokonezawo ngakhale ndi ochepa, ndi a tsiku ndi tsiku. 大家 ndi "nonse" ku China, kuno ōya ndi mwini nyumba yomwe ukuchita lendi. 床 ndi bedi uko, kuno yuka ndi pansi poponda. 留守 uko ndi kutsala pakhomo, monga ana otsala kumudzi makolo atapita kukagwira ntchito m'tauni, kuno rusu ndi kusapezeka pakhomo. Mawu achilendo umakafufuza mu dikishonale. Awa sufufuza chifukwa ukuganiza kuti ukuwadziwa. Ngati cholinga cha Tadala ndi Japan, ayambe Chijapani, hiragana yokha ndi zilembo 46, angathe kuyamba ndi foni.

Namasina_Wuhan
Koma aphunzitsi a Chijapani kumudzi awapeza kuti? Chitchaina kalasi ilipo, mphunzitsi alipo. Ayambe ndi chimene chilipo.

Mai_a_Tadala
Nonse ndakumvani. Ndimuonetsa zokambiranazi asankhe yekha.

Makaniko_Ndirande
Ine ndinaphunzitsidwa ntchito ndi bambo wina yemwe anakachita maphunziro ku Japan, ndipo anali ndi mawu omwe anawalemba pakhoma la galaja: 油断一秒 怪我一生. Ankati m'mafakitale a kumeneko amalemba zimenezi, kutanthauza kuti kutayirira kwa kamphindi, chilema cha moyo wonse. Tsiku lina kunabwera Mtchaina wogulitsa zipangizo, anawerenga n'kufunsa kuti ndani analonjeza zoopsa chonchi. A WakuKobe, iye anaona chiyani?

WakuKobe
Mawu amenewo ndi otchuka m'makalasi a ziyankhulo ziwirizi. 油断 Mjapani amati yudan, kutayirira, koma zilembo zake paokha ndi "mafuta" ndi "kuduka". 怪我 amati kega, kuvulala, koma zilembozo anangozisankha chifukwa cha kamvekedwe, ndipo m'Chitchaina guai wo ndi "ndidzudzuleni ine". Ndiye mlendo wanuyo anawerenga kuti: mafuta akaduka kwa sekondi imodzi, mundiimbe mlandu moyo wanga wonse. Pagalaja, pomwe mafuta ali paliponse, chiganizocho chinamveka chokwanira bwino kwa iye, sanakayike n'komwe.

Tsabola
Nanga nkhumba? Ndinaona kalendala ya Atchaina ili ndi chaka cha nkhumba.

Geni_Guangzhou
2019 chinali chaka cha 猪 mbali zonse ziwiri, chikubweranso 2031. Ku China zhu ndi nkhumba yoweta, ku Japan inoshishi ndi nguluwe yakutchire. Nkhumba yoweta Mjapani amalemba 豚.

Womasulira_LL
Ndachedwa kulowa koma ndawerenga zonse. Ine ndimamasulira Chitchaina pa misonkhano ya makampani, ndipo nthawi zina pamakhalanso Ajapani. Mawu a msuzi ndi nguluwe savulaza munthu. Amene ndimawaopa ndi a mu ofesi, chifukwa amalowa m'makalata osainidwa.

検討: Mjapani akalemba kuti kentō shimasu akunena kuti tiiganizira nkhaniyi, ndipo nthawi zambiri ndi njira yaulemu yosavomera msanga. Kumtunda ku China jiantao ndi kudziunika pa zolakwa zako, mpaka pali kalata yotchedwa ndi dzina limeneli yomwe wantchito kapena mwana wasukulu amalemba povomera kulakwa. Mbali imodzi ikuti tiganizira, inayo ikumva kuti avomera mlandu. 告訴: gaosu ndi kuuza munthu chinthu, mawu a ana omwe, koma kokuso ku Japan ndi kukasuma kupolisi kuti munthu azengedwe mlandu. 経理: jingli pa khadi la Mtchaina ndi manijala, munthu wopanga ziganizo, pomwe keiri ku Japan ndi ntchito yowerengera ndalama, ndipo Mjapani wosadziwa angamuike mlendo wamkulu pampando wakumapeto. 約束: yakusoku ndi lonjezo, yueshu ndi kumanga munthu ndi malamulo. Ngakhale 前年 pa lipoti la ndalama: kwa Mjapani ndi chaka chapitacho, kwa Mtchaina ndi chaka cha dzana, ndiye manambala onse akuyerekezedwa ndi chaka cholakwika.

Chimene ndimachita ndi ichi: mbali ziwirizi zikayamba kulemberana zilembo papepala n'kumagwedezerana mitu mosangalala, ndimawapempha kuti aliyense anene m'Chingerezi chimene wamva, ndisanalembe kalikonse mu mfundo za msonkhano. A WakuKobe, ngati muli ndi ena a m'mapangano a malonda omwe sindinawatchule, aikeni pano ndiwonjezere pa mndandanda wanga, msonkhano wina uli Lachinayi.